Mutu 8: Kumene Apanjinga Amatsikira Kukamwa Tiyi

Lamulungu lililonse m'mawa, kaya kunja kwacha bwino kaya kukuwaza kamvula kozizira kamene sikasowa m'dzikolo, m'misewu ya kumidzi ya ku Britain mumadzaza magulu a anthu opalasa njinga. Amakumana pamalo amene adapangana, mwina pamphambano kapena pansi pa wotchi ya pamsika, n'kunyamuka awiriawiri ngati ana a sukulu. Sapita kuntchito, sanyamula katundu, ndipo madzulo amabwerera pomwe adachokera. Munthu wa kwathu kuno, amene njinga amaidziwa ngati chonyamulira makala, mbuzi, ufa wa kuchigayo ndi wodwala wopita kuchipatala, akhoza kufunsa kuti: nanga khamu lonseli likulowera kuti? Yankho lake n'loseketsa koma n'loona. Ambiri akupita kukamwa tiyi.

M'makalabu ambiri a njinga, ulendo wa Lamulungu umakonzedwa moyambira patebulo. Amayamba asankha tiyirumu kapena kafe yomwe akaime, kenako n'kufufuza misewu yokafikira kumeneko. Pandandanda wa maulendo a mwezi wonse, chimene mamembala amayamba kuyang'ana ndi dzina la malo omwera tiyi. Kafe ikatsekedwa, pali misewu ina imene imasiya kuona apanjinga ngati kuti mlatho wakokoloka. Ndipo mukangofunsa apanjinga awiri kuti malo abwino koposa ndi ati, mwaputa mkangano woposa wa ochemerera Maule ndi Manoma.

Nkhokwe yaing'ono

Choyambitsa zonsezi ndi mimba. Thupi la munthu limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, mumtundu umene asayansi amautcha glycogen, koma nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono zedi: mwa munthu wamkulu imangokwana pafupifupi theka la kilogalamu. Munthu akamapalasa mwamphamvu amaipulula pakangotha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Mafuta alipo ambiri m'thupi, ngakhale mwa munthu woonda ngati bango, koma amayaka pang'onopang'ono ngati chikuni chachiwisi, moti sangasunge liwiro pachitunda. Shuga akatha, miyendo imalemera ngati aimangirira njerwa, m'maso mumachita chidima, thukuta limazizira, ndipo munthu wofatsa amayamba kukalipira anzake popanda chifukwa. Angelezi vutoli amalitcha bonk, Afalansa amati fringale. Wakabaza aliyense amene adayambapo ntchito m'mbandakucha asanalawe kanthu, n'kupeza kuti pofika 10 koloko kachitunda ka tsiku ndi tsiku kasanduka phiri la Mulanje, akulidziwa bwino ngakhale sadalipatse dzina.

Mankhwala ake ndi kudya njala isanafike. Akatswiri a kadyedwe ka amasewera amalangiza kuti paulendo wautali munthu azilandira magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse. Masiku ano kuli timapaketi ta phala la shuga timene munthu amangofinyira m'kamwa ali pachishalo pomwepo, koma kale kunalibe zimenezo, ndipo ngakhale lero ndani angasankhe kapaketi komata m'manja pamene pali tiyi wotentha ndi chibanthu cha keke? N'chifukwa chake malo otchuka kwa apanjinga sapezeka paliponse. Ambiri amakhala pamtunda wa maola ngati awiri kuchokera mumzinda waukulu, pomwe nkhokwe ija yayamba kuoneka pansi. Kafe ikayandikira kwambiri, anthu amaidutsa asanamve njala. Ikatalikitsa, amafika atatheratu. Mwini wake akhoza kukhala katswiri wophika, koma ngati adamanga pamalo olakwika azingoona misana ya apanjinga ikudutsa.

Msewu wa ku Ripley

Malo oyamba kutchuka motere anali m'mudzi wa Ripley, m'chigawo cha Surrey, makilomita osakwana 40 kuchokera pakati pa London, pamsewu wakale wopita kudoko la Portsmouth. M'mbali mwa msewuwu munali nyumba zambiri za alendo zimene zidamangidwa nthawi ya ngolo zokokedwa ndi mahatchi. Sitima zapamtunda zitafika m'zaka za m'ma 1830 ndi 1840, apaulendo adathawira kunjanji, misewu idangoti zii, ndipo eni nyumbazi adatsala akuingitsa ntchentche. Amene adadzawadzutsa ndi apanjinga. Cha m'ma 1870 anyamata a ku London adayamba kutuluka mumzinda pa njinga zija za tayala lalikulu kutsogolo ndi kakang'ono kumbuyo, zimene kugwa kwake kunali ngati kugwa mumtengo wa mango. M'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry adatulutsa Rover, njinga ya matayala osasiyana kwenikweni kukula ndiponso ya tcheni chokoka tayala lakumbuyo, kholo la njinga imene tikuidziwa lero. M'chaka cha 1888 John Boyd Dunlop ku Belfast adapanga tayala lopopa. Ziwirizi zitakumana, njinga idachoka m'manja mwa anyamata osaopa kuthyoka khosi n'kufika kwa aliyense wokwanitsa kugula, amayi omwe.

Ku Ripley onse ankathera panyumba ya alendo yotchedwa Anchor, ya banja la a Dibble, ndipo amene ankatchuka polandira alendo anali atsikana awiri apachibale, Annie ndi Harriet. Munthu wapanjinga wa nthawi imeneyo ankafika ali mbuu ndi fumbi, kapena ali matope okhaokha, pakuti misewu inali isanathiridwe phula. M'mahotela ena ankamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kumuuza kuti malo adzaza. Ku Anchor ankamukhazika pansi n'kumuthirira tiyi. Pakhomopo panali mabuku olembamo maina a alendo apanjinga, ndipo m'zaka za m'ma 1880 maina ankakwana zikwi zingapo pachaka. Atsikana awiriwa atamwalira motsatizana, wina mu 1895 wina mu 1896, apanjinga adasonkha ndalama n'kuika windo la magalasi amitundumitundu m'tchalitchi cha m'mudzimo kuti awakumbukire. Si mafumu onse amene adalandirapo ulemu wotere. M'chaka chomwecho cha 1896, H. G. Wells adatulutsa buku lake lotchedwa The Wheels of Chance, lonena za mnyamata wogulitsa nsalu m'sitolo amene akupita kutchuthi panjinga, ndipo adamudutsitsa pamsewu womwewu wa ku Ripley.

Nkhani ya kulandiridwa inali yaikulu moti idafuna bungwe. M'chaka cha 1878 ku Harrogate kudabadwa Bicycle Touring Club, imene mu 1883 idasintha dzina kukhala Cyclists' Touring Club, mwachidule CTC. Kuyambira 2016 bungweli limatchedwa Cycling UK. Imodzi mwa ntchito zake zoyamba inali kuyendera mahotela ndi nyumba za alendo, kugwirizana nazo mitengo yokhazikika ya chakudya ndi pogona, n'kusindikiza maina ake m'kabuku ka mamembala. Malo ovomerezeka ankapatsidwa chizindikiro chachitsulo cholemera, cha gudumu la njinga lokhala ndi mapiko atatu, choti akhome pakhoma. Wapanjinga wotopa akachiona patali ankadziwa kuti pano sandithamangitsa. Zina mwa zizindikirozi zikadali pamakoma a nyumba zakale za ku Britain mpaka lero, ngakhale ambiri odutsa sadziwa tanthauzo lake.

Koma kulandiridwako sikunali kofanana kwa onse. Mu October 1898 Lady Harberton, mayi wa banja lolemekezeka amene ankatsogolera gulu lolimbikitsa kuti amayi azivala zovala zowalola kuyenda momasuka, adaima pa Hautboy Hotel ku Ockham, pafupi ndi Ripley pomwepo, kuti adye nkhomaliro. Anali atavala jekete ndi chibuluku chofutukuka cholekeza m'mawondo, chifukwa siketi yaitali ya nthawiyo inkakodwa mutcheni ndi m'masipoko. Mwini hotelayo, Martha Sprague, adakana kumulowetsa m'chipinda chomwera khofi momwe munkakhala alendo aulemu, n'kumulozera kachipinda ka kubala komwe kunali amuna akusuta fodya. Akuluakulu adati chakudya sichichepa, chimachepa n'chovala, ndipo ku Ockham mwambiwu udapherezera m'njira imene eni mwambi sadaiganizire. Bungwe la CTC lidatengera nkhaniyi kukhothi, mlandu udazengedwa mu 1899, koma mwini hotela adapezeka wosalakwa, poti chakudyacho sadakane kupereka, adangosankha chipinda. Lady Harberton adaluza mlandu, koma nyuzipepala zidalemba nkhaniyi ponseponse. Amalawi amene akukumbukira kuti kwathu kuno lamulo linkaletsa amayi kuvala thalauza mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 sangaione nkhaniyi ngati yachilendo kwenikweni.

Makapu aakulu a anthu wamba

Njinga zitatsika mtengo ndipo zakaunjika zitayamba kupezeka, ogwira ntchito m'mafakitale nawo adalowa mumsewu. Kwa munthu woomba nsalu ku Lancashire, amene sabata yonse ankapuma fumbi la thonje ndi utsi wa malasha, Lamulungu panjinga linali tsiku lokhalo lopuma mpweya wabwino. Koma mitengo ya m'mahotela a CTC inali ya anthu a kolala yoyera. Anthu wamba adadzipezera malo awoawo.

M'chaka cha 1894 ku Birmingham, owerenga nyuzipepala ya The Clarion, imene Robert Blatchford adaiyambitsa ku Manchester mu 1891 pofalitsa mfundo za sosholizimu, adayambitsa kalabu ya njinga. Pasanathe zaka zambiri makalabu a Clarion anali atafalikira m'mizinda yambiri. Ankapalasa kupita kumidzi atanyamula timapepala ta ndale, ndipo m'malo ena adatsegula nyumba zawozawo zomwera tiyi. Imodzi ikadalipo. Ili m'mphepete mwa phiri la Pendle ku Lancashire, pafupi ndi mudzi wa Roughlee, ndipo idamangidwa mu 1912 ndi nthambi ya ku Nelson ya chipani cha Independent Labour Party. Imatsegulidwa Lamulungu lokha, ogwira ntchito ndi ongodzipereka, ndipo tiyi amabwera m'makapu a paindi imodzi, kutanthauza kupitirira pang'ono theka la lita. Munthu amaloledwa kutulutsa kamba wake wa kunyumba n'kudyera pomwepo popanda womuyang'ana ndi diso loipa. Mwa malo onse otchulidwa m'mutu uno, amenewa ndiwo ine ndingayambe kupitako.

Ku Scotland ena sankafuna n'komwe denga. Makalabu a ku Glasgow ndi madera ozungulira anali ndi mwambo woima m'mbali mwa nyanja kapena pamtsinje, kutola nkhuni, kukoleza moto n'kuwiritsa tiyi m'zitini zakuda ndi mwaye zimene ankazimangirira kuchishalo. Kalabu iliyonse inali ndi malo ake odziwika okolezera moto, ndipo amenewo ndiwo anali tiyirumu yawo.

Pakati pa hotela ndi chitini pali kafe ya apanjinga yeniyeni, ndipo dzina limene limatchulidwa kawirikawiri ndi Eureka, pamphambano ya Two Mills pakati pa Chester ndi chigawo cha Wirral. Idatsegulidwa mu 1929, ndipo kwa mibadwo ingapo makalabu a ku Liverpool ndi madera oyandikana ankakumana pamenepo asanalowe m'mapiri a kumpoto kwa Wales, n'kudzaimanso pobwerera. Chakudya chake chotchuka chinali nyemba zothira pa buledi wootcha, ndi tiyi wa m'makapu aakulu aja. Palibe chodabwitsa m'mbale imeneyi, koma kwa munthu amene wapalasa makilomita 100 m'mphepo ili ndi zonse: ndi yotentha, ya mchere, yokhutitsa, yotchipa, ndipo imafika msanga. Chris Boardman, amene adapata mendulo ya golide pa Olympics ya ku Barcelona mu 1992, adakulira m'derali ndipo anali mmodzi mwa odya nyemba za pa Eureka. Ubwino wa malo otere ndi umenewu: mwana wa zaka 14 wa njinga yobwereka amakhala benchi limodzi ndi katswiri wa dziko lonse, ndipo zambiri zimene apanjinga amadziwa, monga kusankha giya pachitunda, kubisala kumbuyo kwa mnzako mphepo ikamaomba, kapena kumata chubu zala zitauma ndi chisanu, amaziphunzirira patebulo.

Malo ena amatchuka chifukwa cha chitunda chimene chili pansi pake. Hartside Top Cafe, m'chigawo cha Cumbria, inali pamtunda wa mamita 580 kuchokera pamwamba pa nyanja, panjira ya apanjinga yodutsa England kuchokera kunyanja ya kumadzulo kukafika ya kum'mawa. Aliyense wofika pakhomo pake ankakhala atakwera chitunda cha makilomita angapo, choncho tiyi wake ankakoma ngakhale akadakhala madzi otentha chabe. Idapsa ndi moto mu March 2018, ndipo apanjinga ambiri adaidandaula ngati maliro.

Kutsidya kwa nyanja

Ku France, Belgium ndi Italy nkhani ndi ya khofi, ndipo kafe imalowa mpaka m'mbiri ya mipikisano. Mpikisano woyamba wa Tour de France udanyamukira pakhomo pa kafe yotchedwa Au Réveil-Matin ku Montgeron, kunja kwa Paris, pa 1 July 1903. Opalasa anali 60, gawo loyamba lokha linali la makilomita 467 kukafika ku Lyon, ndipo wopambana mpikisano wonse anali Maurice Garin. Patatha zaka 21, mu 1924, Henri Pélissier, amene adapambana chaka chapitacho, adakangana ndi oyendetsa mpikisano pa lamulo loletsa kutaya juzi panjira. Iye, m'bale wake Francis ndi mnzawo Maurice Ville adausiya mpikisanowo n'kukakhala mu Café de la Gare m'tauni ya Coutances. Mtolankhani Albert Londres wa nyuzipepala ya Le Petit Parisien adawapeza mmenemo akumwa chokoleti chotentha, ndipo iwo adakhuthula m'matumba mwawo n'kumuonetsa mapiritsi ndi mankhwala ena, kokeni yemwe, amene ankawathandiza kupirira. Nkhani imene adalemba ndi imodzi mwa zoyamba kuulula za mankhwala owonjezera mphamvu m'masewera a njinga. Zikadakhala kuti adakumana mu ofesi, sindikhulupirira kuti akadamasuka choncho.

Panalinso mwambo wina wa chipwirikiti. Kwa zaka zambiri malamulo a Tour de France ankachepetsa madzi amene wopalasa angalandire panjira, choncho dzuwa likaswa mtengo, opalasa otumikira akatswiri ankadumpha panjinga, kuthamangira mu kafe ya m'mbali mwa msewu, kutola botolo lililonse lopezeka pafupi, madzi, mowa, vinyo, n'kulowetsa m'matumba a juzi, ulendo. Eni kafe ena ankatseka zitseko mpikisano ukamayandikira, ena ankanyadira kuti aberedwa ndi anthu otchuka. Zinkaoneka zoseketsa mpaka pa 13 July 1967, pamene Tom Simpson wa ku Britain adagwa n'kumwalira akukwera phiri la Mont Ventoux kukutentha koopsa. Tsikulo anali atamwako brandy wochokera mu kafe ya panjira, ndipo madokotala adapeza mowa ndi mankhwala a amphetamine m'thupi mwake. Zitachitika izi, malamulo a zakumwa adafewetsedwa ndipo kuyeza opalasa kudakhwima.

Ku Italy amakonda kusimba za Fausto Coppi pa mpikisano wa Milan–San Remo wa 1946. Adawasiya anzake kutali kwambiri moti wachiwiri adafika patatha mphindi 14, ndipo nkhani imati panjira adaima pa kafe, n'kuitanitsa khofi, kumwa, n'kukweranso njinga. Makampani a khofi adaona msanga kuti apa pali malonda. Faema, kampani ya ku Milan yopanga makina ofulira espresso, inali ndi timu yake kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo Eddy Merckx wa ku Belgium adapambana Giro d'Italia ya 1968 ndi Tour de France ya 1969 ali m'timu imeneyi. Bungwe la alimi a khofi a ku Colombia lidathandiza timu ya Café de Colombia, imene Luis Herrera adapambana nayo Vuelta a España mu 1987. Pambuyo pake kudabwera timu ya Saeco ya Mario Cipollini, kenako ya Segafredo.

Khofi amathandizadi. Caffeine amachititsa kuti ntchito yolemetsa imveke yopepukirapo, ndipo kafukufuku amasonyeza kuti mamiligalamu atatu pa kilogalamu iliyonse ya thupi ndi okwanira. Kwa munthu wolemera makilogalamu 70 amenewo ndi mamiligalamu pafupifupi 200, kapena timakapu tiwiri kapena titatu ta espresso. Kale wamasewera akapezeka ndi caffeine wopitirira mamaikulogalamu 12 pa mililita imodzi ya mkodzo ankalangidwa, koma mu 2004 bungwe loona za mankhwala oletsedwa m'masewera la WADA lidamuchotsa pandandanda wa zoletsedwa.

Ngakhale keke ili ndi mbiri yake ya njinga. Mpikisano wa Paris–Brest–Paris, wa makilomita 1,200, udayamba mu 1891, ndipo mu 1910 wophika makeke wina wa ku Maisons-Laffitte, Louis Durand, adapanga keke yozungulira ngati tayala, ya kirimu wa mtedza pakati, n'kuitcha Paris–Brest. Ikugulitsidwabe m'mabekale a ku France. Ulendowo nawo ukuchitikabe zaka zinayi zilizonse, tsopano wa anthu wamba amene ayenera kuumaliza m'maola 90. Pamaulendo ataliatali a mtundu umenewu, otchedwa audax, wopalasa amanyamula kakhadi koti kadindidwe pamalo oikika, ndipo ku Britain malowo nthawi zambiri amakhala kafe. Pena sipakhala wodinda, ndiye umboni woti munthu adadutsadi ndi lisiti la tiyi lokhala ndi nthawi ndi dzina la tauni.

Njinga ioneke pawindo

M'zaka za m'ma 2010 njinga idasanduka fasho ku Britain. Mu 2012 Bradley Wiggins adakhala munthu woyamba wa dzikolo kupambana Tour de France, ndipo chaka chomwecho mpikisano wa pamsewu wa Olympics ya ku London udakwera chitunda cha Box Hill ku Surrey, amuna ka 9, amayi kawiri. Chitundacho n'chachifupi, makilomita awiri ndi theka okha, chosavuta n'komwe poyerekeza ndi cha ku Zomba kapena Chiweta, koma pamwamba pake pali kafe ya bungwe la National Trust, ndipo Loweruka ndi Lamulungu pamakhala njinga zambirimbiri, zina zodula kuposa galimoto. Kudabweranso mtundu wina wa kafe, wa mumzinda, wophatikiza khofi wodula, makaniko wokonza njinga ndi kanema woonetsa mipikisano. Look Mum No Hands! ya pa Old Street ku London idatsegulidwa mu 2010 n'kutsekedwa mu 2023. Ku Girona, mzinda wa ku Spain komwe akatswiri ambiri amakhala, Christian Meier wa ku Canada ndi mkazi wake adatsegula La Fabrica mu 2015 iye akadali wopalasa wa ntchito. Khofi wa m'malo amenewa ndi wabwino, palibe angatsutse. Chimene chimandikayikitsa n'chakuti ena amafikapo atapalasa makilomita atatu okha, juzi ilibe ndi dontho lomwe la thukuta.

Mukawamvetsera apanjinga akale akamayamikira malo, mudzaona kuti kakomedwe ka khofi kamabwera kumapeto. Choyamba amafuna kuti njinga ioneke pawindo, chifukwa paulendo wotere palibe amene amanyamula loko wolemera, ndipo munthu sangamve kukoma kwa keke khosi lili chotembenukira kunja. Amafuna pansi posaterera, pakuti nsapato zawo zili ndi tizitsulo kapena timapulasitiki tokolekera ku mapedulo, moti akatsika amayenda ngati abakha pasimenti yonyowa. Amafuna mwini malo amene sasintha nkhope anthu 15 onyowa akalowa nthawi imodzi, amene amathira madzi m'mabotolo awo osawerengera, amene ali ndi pampu kuseri kwa chitseko ndi mbaula yoyanikapo magolovesi. Amafunanso changu, chifukwa thukuta likazizira pamsana munthu amayamba kunjenjemera. Tiyi akhale wambiri, wowonjezera osalipira ngati n'kotheka. Zonsezi Annie ndi Harriet Dibble ankazidziwa kale, ndipo mayi aliyense wa tiyirumu ya pa Lunzu kapena pa Jenda, amene amaika benchi poti wakabaza aziona njinga yake akusunsa sikono, akuzidziwanso popanda womuphunzitsa.

M'kapu ya tiyi ya ku Lancashire ija mulinso kanthu ka kwathu. Tiyi wa m'timatumba amene Angelezi ambiri amamwa ndi wosakaniza wa m'maiko angapo, Kenya patsogolo, ndipo wa ku Thyolo ndi Mulanje (ku Mulanje tiyi adayamba kulimidwa ngati malonda m'zaka za m'ma 1890) osakaniza amamufuna chifukwa cha kufiira kwake akathiridwa mkaka. Dzina la Malawi silimalembedwa kawirikawiri papaketi, koma mtundu umene wapanjinga wozizidwa amauyang'ana n'kunena kuti uyu ndiye tiyi, mbali ina umachokera m'munsi mwa Sapitwa.

Chovuta chimatsala ndi kunyamuka. Akakhala mphindi 30 kapena 40 pafupi ndi moto, minofu imazizira n'kuuma, ndipo magazi amakhala atathamangira kumimba kukagaya nyemba zija. Apanjinga ali ndi dzina la vutoli, amati ndi miyendo ya kukafe. Wina amayang'ana wotchi n'kunena kuti tiyeni, onse amavomera, koma palibe amene amadzuka. Wachiwiri amapita kuchimbudzi, wachitatu amapeza kuti tayala lake laphwa, wachinayi waitanitsanso tiyi. Potsiriza amatuluka, zipewa kumutu, magolovesi akadali onyowa, ndipo makilomita asanu oyamba aliyense amapalasa chamumtima, akudandaula kuti keke yachiwiri ija akadaisiya.